A Ngozo Akudikirabe pa Benchi

Pali nkhani imene Selestina sanauzepo munthu, ngakhale mayi ake omubereka, ngakhale bambo mfumu ku Nzama pa nthawi yolapa. Nkhani yake ndi yakuti mwezi wa Juni ankathirira tiyi munthu amene anali ataikidwa kale m'manda.

Ntchito anaipeza atangolemba mayeso a Fomu 4. Inali mu ofesi yaing'ono pa boma la Ntcheu, kuseri kwa depoti, ya Mayi Regina Kachingwe, mlangizi wa zachuma. Kumeneko kunkabwera aphunzitsi opuma ntchito, alimi a kachewere amene chaka chawakomera, ndi madala amene anathera unyamata wawo m'migodi ya ku Joni. Onsewa ankadzafunsa kumene angaike ndalama kuti zisasungunukire m'manja, ndiponso kuti zidzapite kwa yani iwo akadzatsikira kuli chete. Selestina sankalangiza munthu. Yake inali kukhala pa tebulo la pakhomo, kuyankha foni, kupatsa anthu masiku odzaonana ndi amadamu, kufotokopa mapepala ndi kuwiritsa madzi a tiyi. Mnzake wa pantchito anali Fanizo, amene ankazungulira m'midzi pa njinga yamoto kukasainitsa anthu, munthu wosauma nthabwala pakamwa.

Amadamu anamupatsa malamulo awiri tsiku limene anayamba. Loyamba, mawu a kasitomala sadutsa pakamwa pawiri. Wofuna kusintha kanthu pa chuma chake anene yekha kwa amadamu. Mlembi asalandire mawu otere, asawanyamulenso, chifukwa mabanja amayambana ndi za akuti-akuti zomwezo. Lachiwiri, chitseko chawo chikatsekedwa nthawi ya nkhomaliro, aliyense wobwera aziuzidwa kuti atuluka. Selestina anali mwana wamanyazi, woyankhula ngati akupepesa, ndipo malamulowo anawagwira ngati katekisimu.

A Cyprian Ngozo a ku Mlangeni anafika kumapeto kwa Meyi, dzuwa lili paliwombo, popanda tsiku lopangana. Anali mdala wamtali, wowonda, atavala chijekete chakuda cha ku Joni ndi nsapato zikuluzikulu za m'migodi zimene zinkaoneka zolemera kuposa mwini wake. Anakhala pa benchi ya alendo, chipewa pa bondo, n'kutsokomola chifuwa chochokera pansi penipeni, ngati munthu akukoka ndowa m'chitsime chakuya. Selestina anawathirira tiyi. A Ngozo anamufunsa chiwongo, ndipo atamva kuti ndi wa kwa Maseko anayamba kumutchula NaMaseko, dzina limene pa bomapo panalibe womuitana nalo. Anamufunsanso za bambo ake. Iye anayankha motsitsa mawu kuti anapita ku Joni iye akukwawa, ndipo anatchona. A Ngozo anangoyang'ana m'kapu.

Atafunsa za amadamu, Selestina anati atuluka. Nthawi yomweyo kuseri kwa chitseko sipuni inalira pa mbale. Onse awiri anaimva. Mdalayo anangomwetulira.

Selestina anawauza kuti tsiku lopezeka linali sabata ya mawa. Iwo anaseka mpaka chifuwa chinawagwira, n'kunena kuti sabata ya mawa ndi ya anthu a mapapo awiri. Anati basi angomuuza iye yemwe, nkhani yake ndi yaifupi. Selestina anakana mwaulemu, manja pamodzi, kuti mawu otere saloledwa kulandira. Mdalayo anadzuka, n'kuvala chipewa, koma atafika pakhomo anatembenuka.

"NaMaseko, makutu alibe chitseko. Ku Champiti kuli mwana wanga, Eliness. Ndinamukana ali m'mimba, ndikuthamangira ku migodi. Amadamu amuike pamodzi ndi anzake. Wamva?"

Sanadikire yankho. Anatsika masitepe pang'onopang'ono kulowera ku depoti.

Selestina sanawauze amadamu. Akanayambira pati? Kunena kunali kuvomera kuti walandira mawu oletsedwa, ndiponso kuti nkhalamba yodwala yabwezedwa pakhomo eni ofesi ali m'kati momwemo. Anadzitonthoza kuti eni nkhani adzanena okha pa tsiku lawo. Tsikulo linafika, a Ngozo sanaoneke.

Anaonekera Juni atalowa, tsiku limene chifunga chinatsika m'phiri n'kukana kuchoka mpaka masana. Amadamu anali atatseka chitseko, Fanizo ali kumidzi. Selestina anawerama kutola cholembera, ndipo podzuka anapeza mdalayo atakhala kale pa benchi, chipewa pa bondo. Chitseko chakunja, chimene chinkalira munthu akangochikhudza, sichinalire.

"Amadamu abwera, NaMaseko?"

Pakamwa pake panayankha pokha mwa chizolowezi kuti atuluka. Anawathirira tiyi. Foni itaitana anatembenuka kukayankha, ndipo pomaliza benchi inali yopanda munthu. Tiyi anali wosakhudzidwa, koma atazizira ngati wagona panja. Pa simenti panali dothi lofiira lonyowa, mapazi awiri, pamene mvula inali italeka kalekale. Anakolopa msangamsanga, osadziwa chimene akubisa.

Anabweranso, n'kubweranso, nthawi yake yomweyo. Funso linali lomwelo. Za Eliness sanazitchulenso. Ankangomuyang'ana modekha, ngati munthu amene watuma mwana ndipo akudziwa kuti mwanayo sanapite. Mu ofesi munkatsala fungo la miyala yonyowa. Fanizo anaona makapu awiri m'beseni n'kuyamba kumuseka. Anati kamtsikana kachete ndi kamene kamabisa chibwenzi, ndipo mlamu wakeyo ayenera kukhala wolemera, poti amasiya tiyi wa shuga osamwa. Selestina anaseka nawo.

Ndi Fanizo yemweyo amene anabwera ndi uthenga. Anafika kuchokera ku Mlangeni fumbi lili m'nsidze, n'kuuza amadamu ali chiimire kuti kasitomala wawo uja, a Ngozo, anatisiya. Anamwalira atangobwerako ku boma kumapeto kwa Meyi, ndipo pa maliro awo amuna anavina ngoma ndi zishango mpaka fumbi koboo. Amadamu anapukusa mutu, akudabwa kuti mdalayo anadzatani ku boma osawadutsira. Selestina anali atagwira kapu ya a Ngozo ya tsiku lomwelo, yosatsuka. Anaiika pansi bwinobwino kuti isagwe.

Anayesa kuthawa nthawi ya nkhomaliro, kupita kukagula tchipisi kumsika, koma amadamu anamukumbutsa kuti tebulo la pakhomo silikhala lokha. Anayesa kusayang'ana benchi. Chifuwa chija chinkamufikabe m'makutu. Tsiku lina anasiya dala kuthira tiyi, mdalayo n'kungokhala, manja pa chipewa, ndipo ulemu unamukakamiza, anathira. Chimene chinkamuopsa kwambiri sichinali kuti munthuyo ndi wakufa ayi. Chinali chakuti sankakwiya.

Loweruka anapita kwawo ku Nzama, atatsimikiza kuti akauza mayi ake. Anawapeza akusankha nyemba pakhonde. Asanatsegule pakamwa, mayi anayamba kuyamika Mulungu chifukwa cha ntchitoyo, kuti ndi imene ikumusunga mlongo wake Chiyembekezo pa sukulu, ndipo aigwire ndi manja awiri, asamayankhe mabwana, asamalowerere za eni. Mawu aja anabwerera kummero. Kenaka, mmene amachitira mayi akatopa, nkhani inakhotera kwa bambo. Sanatukwane. Anangoti munthu angakanike kutumiza ndalama, zimenezo zimamveka, koma mawu okha onena kuti mwanayo ndi wanga salipiritsa pa chipata cha dziko lililonse. Selestina anayang'ana nyemba m'lichero mpaka zinayamba kusungunuka m'maso mwake.

Anaganiza za Eliness wa ku Champiti, mayi wamkulu tsopano, mwina wa ana akeake, amene anakula akuuzidwa kuti alibe bambo. Mawu amene mayiyo anawadikira moyo wonse anali atanenedwa, koma anali atatsekeredwa m'kamwa mwa mtsikana wa pa tebulo la pakhomo.

Lolemba amadamu anamutuma kuimbira banja la a Ngozo, kuti abwere Lachinayi m'mawa adzatseke nkhani ya chuma cha malemu. Akadzasaina, zonse zidzagawidwa kwa mayi wamasiye ndi ana amene ofesi inkawadziwa, basi, nkhani n'kutha. Selestina anaimba ndi mawu ake aulemu aja, n'kuwakumbutsa kuti asaiwale ziphaso.

Lachinayi minibasi inawachedwetsa. Anafika dzuwa lili paliwombo, ngakhale dzuwalo silinkaoneka ndi chifunga: NaJere, mkazi wa malemu, atavala zakuda ndi duku, ndi mwana wawo wamkulu Benson, bambo wa mapewa otambalala ndi nkhope ya bambo ake. Anadutsa pafupi ndi benchi osacheuka. NaJere yekha anaima pang'ono, n'kukoka shawelo, n'kunena kuti ofesiyi ndi yozizira ngati m'phanga. Amadamu anasiya nkhomaliro yawo n'kuwalowetsa, ndipo anauza Selestina kuti abweretse tiyi.

A Ngozo anali pamalo pawo. Tsiku limenelo sanafunse kanthu, poti chitseko chinali chotsegula ndipo mawu a amadamu ankamveka. Selestina anaika makapu pa thireyi, masipuni akulira. Atayamba kuyenda anamva benchi ikulira kumbuyo kwake, ngati munthu wadzuka. Nsapato zolemera zinamutsatira. Iye akaima, nazo zinkaima. Sanacheuke, koma fungo la miyala yonyowa linali pa phewa pake, ndi mpweya wozizira, wovuta kukoka, pafupi ndi khutu.

M'katimo amadamu ankafotokoza mwa chifatse, mapepala atayalidwa, cholembera chili kale m'manja mwa Benson. Ankamuseka kuti asaine bwino, asalembe ngati nkhuku yapalasa, ndipo Benson ankaseka nawo. Selestina anagawa makapu, kuyambira kwa NaJere. Anamaliza, koma sanatuluke. Pakhomo panali potseguka, popanda munthu, komabe ankadziwa kuti sangadutsepo. Pa simenti, pa mzere weniweni wa chitseko, panali dothi lofiira lonyowa. Mdalayo anali ataima pamenepo, osalowa. Ngakhale atafa, ankadikirabe kuti mlembi amulowetse.

Selestina anaona m'maganizo zonse zimene zikanatsatira: nkhope ya amadamu ikusintha, Benson akumufunsa kuti iye ndi ndani pa nkhani za banja, mayi wamasiye akulandira chilonda chatsopano maliro asanazizire, ndi iye mwini akukwera minibasi ya ku Nzama ndi kachikwama kake, kukauza mayi kuti ntchito yatha. Analibe pepala, analibe mboni. Anali ndi makutu ake okha.

"Pali china, Selestina?" anafunsa amadamu, osakweza mutu.

Kumbuyo kwake kunamveka chifuwa, kamodzi, chapansipansi. NaJere anadzidzimuka, tiyi n'kutayikira pa sosala, maso ali pakhomo. Ameneyo anali atachimva chifuwacho zaka zonse za ukwati wake.

Selestina anagwada pansi, thireyi pa maondo, monga anaphunzitsidwira kuyankhula ndi akuluakulu. Mawu anatuluka aang'ono, koma sanabwerere.

"Pepani amadamu, a Benson asasaine kaye. A Ngozo anabwera kuno asanamwalire, inu muli m'kati, ine n'kuwauza kuti mwatuluka. Anandisiyira mawu. Amayi, mundikhululukire, ndinena mmene ananenera eni ake. Ku Champiti kuli mwana wawo, dzina lake Eliness."