Foda ya Dikilani

"Yadzala," anatero Meshack, akugogoda chala pa kompyuta ya malemu bambo ake. "Vidiyo ya malilo siingangene. Tifunika kufufutako vinthu."

Amayi ake, a Winifred, anali atakhala pampando wa amuna awo m'kachipinda kakang'ono ka nyumba yawo ku Chelstone, atafunda chitenje chakuda. Amuna awowo, a Nicodemus Daka, anali atangoikidwa m'manda dzana lake. Kuseri kwa nyumba kunkamveka mapoto akukwechedwa. Ameneyo anali Pearl, mwana wawo wamkazi, amene anabwera kumaliro koma amayi ake anali asanamulankhule ngakhale liwu limodzi.

Moyo wawo wonse wa ntchito, a Daka ankayang'anira mafoda ogawana pa kampani ina ya zomangamanga m'tauni. Iwo ndiwo ankadziwa woyenera kutsegula foda iyi, woyenera kungowerenga, ndi disiki yomwe yayamba kutopa isanafe n'komwe. Ntchitoyo anabwera nayo mpaka kunyumba. Anagula kompyuta yakale n'kuisandutsa nkhokwe ya banja lonse, moti achibale a ku Petauke ndi a ku Libala ankaponyamo zithunzi za maukwati ndi maubatizo. Banja linkawaseka kuti ankaisamala kuposa galimoto yawo, ndipo zinali zoona.

Mwelwa, mayi amene anagwira nawo ntchito zaka zambiri, ndiye anabwera masanawo kudzathandiza Meshack kutsegula makinawo.

"Onani iyi," anatero Meshack. "Foda ya Dikilani. Ndiye yadya malo maningi. Ni vinyalala chabe, vamene banthu anafufuta kudala, kalekale."

"Awe, yembekeza," anatero Mwelwa, namugwira dzanja. "Na ku nchito ba Daka benze nayo foda yamene iyi. Munthu akafufuta chinthu pa foda ya tonse, sichenze kuyenda. Chenze kugwela umu. Benze kukamba ati munthu amafufuta na ukali, mailo kukacha abwela alila."

Anaseka pang'ono, misozi ili m'maso. Anafotokoza za bwana wina amene anafufuta mapulani a nyumba yonse atakangana ndi mnzake, m'mawa mwake n'kubwera thukuta lili kamukamu. A Daka sanamunyoze. Anamupatsa mpando, n'kumuonetsa podina.

"Koma beve sibenze kubweza chinthu cha munthu," anapitiriza Mwelwa. "Lamulo yao inali imodzi: wamene anafufuta ndiye azabweza na kwanja kwake."

Meshack anatsegula fodayo. M'kati munali foda ina imodzi yokha, yolembedwa kuti Pearl.

A Winifred anaizindikira nthawi yomweyo, ndipo mtima unawawawa. Pearl atasiya sukulu ya unamwino n'kuthawira ku Kitwe ndi mwamuna, iwo anakhala pampando womwewu n'kufufuta chithunzi chilichonse cha mwanayo. Anauza amuna awo kuti m'nyumba muno mulibe mwana wotero. A Daka sanatsutse. Sankadziwa kukangana bambo amene uja. Ankangovula magalasi n'kumawapukuta mpaka mnzawo atatopa yekha.

"Ninaziona kuti zinayenda," anatero a Winifred motsitsa mawu. "Zaka zonse izi?"

"Makina aya amasesa yeka vakudala mwezi ulionse," anayankha Mwelwa. "Kuti chinthu chinkhale, munthu afunika kuuza makina ati iyi isiye. Onani apa. Benze kuchita mwezi na mwezi. Komaliza banachita ni sabata yamene banangena mu chipatala."

A Winifred anakumbukira tsikulo. Amuna awo ankalephera ngakhale kumanga zingwe za nsapato, komabe anakakamira kulowa m'kachipindaka, galimoto ikudikira panja. Iwo anawakalipira kuti kompyutayo idzawaika m'manda.

"Manje tichite bwanji, ba Mami?" anafunsa Meshack. "Ba ankolo ku Petauke bafuna vidiyo lelo. Ngati iyi foda siichoka, malo kulibe. Ndimwe munakamba mweka kuti simufuna kuona nkhope yake."

"Iwe ungaibweze?" anafunsa amayi ake.

Meshack anayesa. Makina anakana. Mwelwa anayang'ana pomwe pamalembedwa amene ali ndi chilolezo, kenako anatembenuzira sikirini kwa mayi wamasiyeyo. Panali dzina limodzi lokha: Winifred. Ngakhale mwiniwake wa makinawo anali atadzichotsapo.

Kuseri kuja mapoto anali atasiya kulira, madzi okha ndiwo ankamveka akukhuthulidwa.

A Winifred anasendeza mpando. Anapukuta dzanja pa chitenje, ngakhale linali louma, n'kugwira mausi mwaulemu ngati chinthu cha eni. Mwelwa anawaonetsa podina. Zithunzi zinayamba kubwerera chimodzichimodzi: Pearl ali wakhanda pamsana pawo, Pearl wa mano ogweluka, Pearl atavala yunifomu yoyera, bambo ake ataima pambali akumwetulira ngati iwo ndiwo apambana mayeso.

"Nanga vidiyo?" anafunsa Meshack.

"Vidiyo idikile. Atate ako sanali munthu wothamanga."

Anatenga magalasi a amuna awo pathebulo n'kuyamba kuwapukuta pang'onopang'ono ndi nsonga ya chitenje.

"Pita kuseli," anatero osatukula mutu. "Uza mlongo wako asambe m'manja, abwele ankhale apa."