Kompyuta Imene Wadi Anaikana

Inali cha m'ma teni koloko m'mawa, Loweruka, ndipo dzuwa la Okutobala linali litayamba kale kuwotcha malata pa boma la Mangochi. Mphepo kunalibe. M'sitolo ya Sheila, kuseri kwa msika, fani inkangozunguza mpweya wotentha womwewo, ndipo amuna awiri anali atatsamira pakauntala, aliyense dzanja lili pa kompyuta yake.

"Alamu, iyi ndi Mac," anatero Swadick, akusisita chivundikiro chonyezimira chokhala ndi chithunzi cha apozi. "Ku Joni mabwana anga onse amagwira imeneyi. Mlongo wanga asagwire chinthu chofanana ndi cha kalaliki."

"Ku Joni ndi ku Joni, Che Swadick," anayankha Sumani. "Kuno tikufuna HP iyi ya Windows. Aliyense amaidziwa. Ikatsokomola, anyamata apamsikawa aipatsa mankhwala tsiku lomwelo."

Zakia, mwini wake wa nkhaniyo, anaima kumbuyo kwawo atagwira nsonga ya mpango wake. Swadick anali mlongo wake wamkulu, mwinimbumba kwawo, amene anabwera kutchuthi n'kulonjeza kumugulira kompyuta. Sumani anali mwamuna wake, wogulitsa usipa wouma. Onse awiri ankamufunira zabwino, ndipo onse awiri anali asanamufunse kanthu.

Panalinso Wadi, mng'ono wake wa Sumani, woimbitsa nyimbo m'maukwati. Anabwera popanda womuitana, ati kudzathandiza kusankha, atavala jekete yachikopa padzuwa lonselo.

"Zonse n'zabwino," anatero Wadi. "Ya Windows ilandira pulogalamu yanga yosakanizira nyimbo pompano. Koma ya apoziyi nditaiika patebulo ku ukwati, anthu angaiwale kuyang'ana mkwatibwi."

Zakia anamva mawuwo ngati munthu amene wamva nkhuku yake ikugawidwa isanaphedwe. Iye anali mphunzitsi wa pulayimale, ndipo ankachita dipuloma pophunzira ali kunyumba. Chaka chatha anali ndi laputopu ina, koma sinagonepo m'nyumba mwake sabata yathunthu. Ana a azakhali ankaonerapo mafilimu, msuweni ankasewererapo mpira, Wadi ankayenda nayo m'maukwati. Tsiku lina inayamba kugwira ntchito mochedwa Wadi ali nayo ku Namwera, ndipo iye, pofuna kuthandiza, anaipereka kwa munthu wina kuti aitsuke. Inabwerako yoyera ndithu. Kafukufuku yense wa Zakia, wa mmene ana olankhula Chiyao amaphunzirira kuwerenga Chichewa, anapita ndi kutsukako. Pambuyo pake inagwa panjinga yamoto n'kufa. Ku koleji anamupatsa mwayi umodzi womaliza. Akalephera kupereka kafukufukuyo chaka chino, dzina lake lichotsedwa.

Kumana sakanatha. Pamudzi pawo chinthu cholowa m'nyumba imodzi chimalowa m'nyumba zonse, ndipo mkazi wophunzira akakana kubwereketsa, mawu amakhala okonzeka kale akuti sukulu yamukwera kumutu. Wadi yemweyo ndiye ananyamula mayi ake a Zakia kupita nawo kuchipatala atadwala, osalandira ngakhale ya mafuta. Munthu wotero umamuuza bwanji kuti ayi?

Amunawo ali mkati mokangana, maso a Zakia anagwera pa kompyuta imene Sheila ankagwiritsa ntchito kuseri kwa kauntala. Inali yakuda, yokhuthala, yopalika m'makona, ndipo zapasikirini pake zinali zachilendo.

"Nanga iyo, achemwali, ndi mtundu wanji?"

"Iyi? Ndi Lenovo yakale, aphunzitsi. Ndinaikamo Linux. Si Windows, si Mac, ili ndi njira zakezake. Ndili nayo ina yofanana nayo, koma anthu amangoiyang'ana n'kudutsa."

Zakia anatembenukira kwa Wadi.

"Alamu, inu ndinu katswiri wathu. Tayesani fulashi yanu ya nyimbo pa iyi, timve."

Wadi anakwinya manja a jekete, analowetsa fulashi, n'kuyamba kudina. Nyimbo inaimba bwinobwino. Anadina pulogalamu yake yosakanizira, koma sinatseguke. Anadinanso. Anafunafuna pamene anazolowera kupeza zinthu, n'kupeza zina.

"Iyi ndi kompyuta kapena chilango?" anafunsa.

"Mapulogalamu a Windows salowa chonchi," anatero Sheila. "Ili ndi ake osakanizira nyimbo, kungofuna kukhala pansi n'kuphunzira."

"Zophunzira ine ndinasiyira alamu angawa," anatero Wadi, akuzula fulashi yake n'kuipukuta ngati yadetsedwa.

Zakia anafunsa mafunso ake motsitsa mawu. Kodi imalemba? Imatsegula mabuku amene koleji imatumiza? Nanga zimene walemba, aphunzitsi ake a ku koleji angazitsegule pa makompyuta awo? Sheila anavomera zonse, n'kumuonetsa. Anamuchenjezanso kuti masiku oyamba adzang'ung'udza pofunafuna zinthu.

"Achimwene," anatero Zakia, "tatiyeni panjapa pang'ono."

Anaima pakhonde, pamthunzi wopyapyala. Akabaza ankadutsa akuliza mabelu.

"Ndikufuna yakudayo."

Swadick anamuyang'ana ngati wamutukwana. "Zakia, ukufuna anthu anene kuti Swadick zaka zonsezi ku Joni wabwera kudzagulira mlongo wake khala lakuda bii?"

"Achimwene, munatsika basi mutavala jekete yachikopa. Ili kuti?"

Swadick anasuzumira m'sitolo, momwe Wadi ankadzikupiza ndi katoni, thukuta lili chuchuchu m'jeketemo.

"Anangobwereka."

"Nanga nsapato zoyera zija?"

"Zili ndi mwana wa azakhali."

"Inu mwinimbumba mwalephera kukana jekete. Ine ndikana bwanji kompyuta ya apozi? Mukandigulira yokongolayo, mwagulira mudzi wonse, ine ndidzangoiona pa zithunzi za ukwati. Walira mvula walira matope. Mundigulire imene ndingapereke ndi manja awiri, wolandirayo n'kuibweza yekha."

Swadick anayesa kusunga nkhope yaukali, koma inamukanika. Anaseka mpaka kugwira mzati.

"Iwe unafunika kukhala loya. Koma akaipititsa kumsika akaikemo Windows, si zathera pomwepo?"

"Ndi chifukwa chake ndakuitanani. Isakhale yosankha ine. Ikhale yosankha inu, ndipo munene pamaso pawo."

Atalowanso, Swadick anakankhira pambali Mac ija mwaulemu, ngati munthu amene akubweza mbale ya chakudya atakhuta. Anauza Sheila kuti atulutse yakudayo.

"Ndimangokuyesani," anatero, akuyang'ana Sumani ndi Wadi. "Ku Joni mabwana amagwira ya apozi, koma amene amakonzera mabwanawo zinthu amagwira iyi. Ndasankha imeneyi. Aliyense wofuna abwereke, chibale ndi fupa sichiola. Koma zam'katimu ndaika ndine. Wosintha kanthu adzandifotokozere yekha."

Sumani anachotsa dzanja pa HP ija. Iye anali mkamwini, nyumba yake inamangidwa pamalo a kuchikazi, ndipo mphatso ya mwinimbumba kwa mlongo wake sinali yoti aitsutse pagulu. Panjira anangonong'oneza mkazi wake kuti, "Amake Nadia, achimwene anu dzuwa lawawomba."

Masiku oyamba Zakia anang'ung'udzadi. Ankafuna chinthu kumanzere n'kuchipeza kumwamba, ndipo kangapo anapita kwa Sheila poweruka kusukulu. Ana a azakhali anabwera, anaizungulira, anafunsa ngati muli mpira. Atamva kuti mulibe, anapita kukaonera kwina. Pang'onopang'ono zala zake zinazolowera, ndipo masamba a kafukufuku anayamba kuchuluka.

Swadick atabwerera ku Joni, Wadi anatulukira Lachisanu lina masana, anthu atabwerako ku mzikiti. Sanabwere yekha. Anatenga mayi ake, apongozi a Zakia, amene anakhala pamkeka pansi pa mtengo wa mango n'kuyamba kukonza mpango wawo. Akazi a nyumba zoyandikana anapeza zochita pafupi.

"Alamu, mawa kuli ukwati waukulu ku Nkopola," anatero Wadi. "Kompyuta imene ndimadalira mwini wake wapita nayo ku Lilongwe."

Apongozi anangoyang'ana Zakia, ndipo Zakia anadziwa chimene anadzera: kudzaona ngati mkazi wa mwana wawo amamana.

Analowa m'nyumba, anatuluka ndi kompyuta pamodzi ndi chingwe chake, anagwada n'kuiika pamkeka patsogolo pa apongozi.

"Nayi, amayi. Alamu atenge. Kupatsa n'kuika."

Ntchito yake ya kafukufuku inali itafika pakati ndipo nthawi yopereka inali pafupi. Zolemba zake anali atasunganso pena, koma kompyuta ikapita ku ukwati umodzi, ankadziwa kuti yapita ku maukwati onse mpaka mvula.

Wadi anainyamula, anaitembenuza. "Vuto lake ndi zam'katimu. Ndiidutsitse kumsika, anyamata aikemo Windows, madzulo ano ikhala itakonzeka. Inunso ikupepukirani."

"Kubwereka ndiye ndavomera, alamu. Zosinthazo mwini wake munamumva. Foni nayi, ndawaimbira kale, ikuitana."

Anamupatsa foniyo. Wadi anaigwira ngati mbatata yamoto. Mawu a Swadick anamveka bwalo lonse.

"Salaam aleikum. Ndani, Wadi? Jekete yanga ikukukwana bwino?"

"Ikukwana, Che Swadick. Ndimangofuna kukupatsani moni. Kuno tonse tili bwino."

"Kompyuta ikuyenda?"

"Ikuyenda bwino kwambiri."

Akazi aja anabisa nkhope m'mipango. Wadi anabweza foni, anaika kompyuta pamkeka, n'kunena kuti akumbukira mnzake wina wa ku Namiasi amene ali ndi ya Windows. Apongozi anamuyang'ana mwana wawo kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Wandiyendetsa padzuwa kuti ndidzaone chiyani? Munthu wakupatsa ndi manja awiri, iwe wakana wekha." Kenako anatembenukira kwa Zakia. "Nanga ine ma kaswida anga aja mungandiikire mufoni ndi chinthu chimenechi?"

"Zimenezo imatha, amayi. Bweretsani."

Anawaikira nyimbo zawo zachipembedzo pomwepo, iwo akumwa thobwa. Sumani, amene anaona zonsezi ali pakhomo, anadikira alendo achoke.

"Amake Nadia, tsiku lija pakhonde la sitolo munkakambirana chiyani ndi achimwene anu?"

"Za jekete."

Sumani anapukusa mutu akumwetulira. Kuyambira tsiku limenelo, wina akafunsa za kompyuta, iye ndiye ankayamba kuyankha: "Tengani, koma ndi ija yovuta ija."

Kompyutayo inagona m'nyumba mwake nyengo yonse ya maukwati. Zakia anamaliza kafukufuku wake mvula yoyamba isanagwe, ndipo anatumiza nthawi isanakwane.

Yankho linamupeza kusukulu, pa nthawi yopuma, ali pakhonde la kalasi yake. Foni inanjenjemera m'chikwama. Anawerenga uthengawo kawiri. Anali atakhoza, ndipo aphunzitsi ake ankapempha chilolezo choti kafukufukuyo aziwerengetsa ophunzira a chaka chamawa.

Benedicta, mphunzitsi mnzake wa kalasi yoyandikana, anamuona ataima chilili.

"Kwagwanji, Madamu?"

Zakia anamupatsa foni. Benedicta anawerenga, anaimba nthungululu imodzi yaitali mpaka ana osewera pabwalo anaima, kenako anamugwira mapewa n'kumugwedeza.

"Alhamdulillah," anatero Zakia. Anatumiza uthengawo kwa Sumani ndi kwa Swadick, osawonjezerapo mawu.

Chitsulo chinalira. Ana anathamangira m'kalasi akukankhana, fumbi lili koboo. Zakia anaika foni m'chikwama, anatola choko, n'kuyamba kulemba pabolodi mawu oti awerenge tsiku limenelo.