Miyendo Yaifupi ya Janet

Janet anazindikirira pa mpeni wa buledi. Anaupeza Lachiwiri m'mawa pawindo la kukhitchini, m'mano mwake muli tizinyenyeswa tachikasu, ndipo atatifikisa ndi zala anadziwa kuti si buledi ayi, koma siponji. M'Chiwaridzo monse, dera lawo la ku Bindura, munali munthu mmodzi yekha wolimba mtima kugwira mpeni umenewo osapempha: mwamuna wake Obadiya, makaniko wa kumgodi, mwini chinjinga chamoto chakuda, cholemera ngati ng'ombe, chimene ankachipukuta kuposa nkhope yake yomwe.

Anatuluka panja. Njinga inali pamalo pake pansi pa mtengo wa mapeyala, koma chishalo chinali chitasintha: chotsika pakati, chopapatiza kutsogolo, chikopa chake chosokedwa mwatsopano. Sanafunse munthu. Yankho ankalidziwa kale, ndipo dzina lake linali Ropafadzo.

Ropafadzoyo anali mwana wa mnzake wa Obadiya, malemu amene ankatsika naye limodzi pansi pa mgodi. Mtsikanayo anali atapeza ntchito yonyamula timatumba ta miyala kuchokera ku timigodi ta ku Mazowe kudzayezetsa m'tauni, ndipo ntchitoyo inkafuna wodziwa njinga yaikulu. Ndiye kwa masabata atatu Obadiya akaweruka, ulendo wa ku bwalo lina la fumbi cha ku Aerodrome kukamuphunzitsa. Chifundo, eti! Janet ankati akamva mawu amenewo mtima unkamuwira.

Iye njinga imeneyo anali ataikwera zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, koma kumbuyo, atakhala chammbali, dzanja lina pa chitenje, lina pa malaya a mwamuna, n'kukatsika msana uli gwa. Chaka choyamba cha ukwati anapemphapo kamodzi kuti amuphunzitseko. Obadiya anaseka mpaka misozi. "Ndi timiyendo timeneti? Simungafike pansi inu. Ikakugwerani iyi, ndikakufukulani ndi fosholo." Janet anakhulupirira. Choipa chake, nthabwalayo ankaikamba yekha kwa amayi anzake kutchalitchi, iwo n'kumaseka, naye n'kumaseka.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Masana amenewo anamanga chitenje chake chatsopano, nakwera kombi, nakaima kuseri kwa mpanda wa bwalolo kuti adzionere yekha.

Mtsikana anali pa njinga, injini ili zii, ndipo Obadiya ankamuzungulira pang'onopang'ono.

"Usakhale ngati thumba la simenti. Sendera kutsogolo, pafupi ndi thanki. Eya. Tsopano pana thankiyo ndi mawondo, njinga imagwiridwa ndi mawondo, osati ndi manja. Zigongono zipinde, mapewa agwe. Ukaumitsa manja, pofika ku Mazowe msana watha. Maso kutali, mwanangu, tayala silithawa."

Kenako anamugwira paphewa ndi zala ziwiri, n'kulitsitsa. Zala ziwiri zokha, koma Janet anazimva ngati zamutsina iye. Ndipo mawuwo! Ofatsa, oleza, mawu amene kunyumba sanawamvepo ngakhale tsiku limene anadwala malungo. Nsanje inamugwira, ndipo sanachite nayo manyazi. Analowa m'bwalo fumbi lili koboo kumbuyo kwake.

Ropafadzo atamuona anatsitsa sitandi, natsika msanga, navula chipewa, naomba m'manja mwaulemu, namulonjera m'chiyankhulo chakwawo.

"Maswera sei, amai."

Janet anali atabwera kudzayeza kukongola kwa mtsikanayo, mawu atawanola kale m'kombi muja, za mapanga awiri ovumbwitsa ndi zina zosati n'kunenedwa pano. Koma ataima naye maso ndi maso, mawu onse anathawa. Maso awo anali pa msinkhu umodzi. Ndipo mtsikanayo anali mu majombo a chidendene chokhuthala, pamene iye anali mu patapata.

"Tapatuka, iwe," anatero Janet.

"Mayi a Luckmore, mukufuna kutani? Njingayi ndi yolemera," anatero Obadiya, kumuitana ndi dzina la mwana wawo.

Janet anakokera chitenje m'mwamba, nachikunga pakati pa miyendo ngati wolowa m'dimba, naponya mwendo. Koyamba chikwatiwire anakhala kutsogolo. Anatsitsa mapazi akuyembekeza kuti alendewera m'malere monga anamuuzira. Mapazi onse awiri anaponda pansi, zidendene ndi zala zomwe, fumbi lofunda likumveka m'mbali mwa patapata.

Ropafadzo, amene Chichewa ankachimva bwino koma ankachiyankhula chosakaniza, anasangalala ndi mtima wonse, osadziwa kuti akuthira mchere pachilonda.

"Hezvo, amai, yakukwanani! Inenso poyamba sindinkafika. Baba vakangocheka siponji pang'ono, ola limodzi basi, zatheka."

Janet anatembenuka pang'onopang'ono. Akanapeza chibwenzi, akanadziwa chochita. Akanalalata, akanaitana ankhoswe. Koma apa panalibe chibwenzi, ndipo n'chimene chinamuwawa koposa. Munthuyu sanachite kupenga ndi chikondi ayi. Anangofuna, basi, n'kuchita.

"Ola limodzi, bambo a Luckmore?"

Obadiya anayang'ana nsapato zake. "Mwanayu ndi wa ntchito, mayi. Ndiponso inu simunafunsenso."

"Ndinafunsa. Munandiseka. Ine n'kumayenda m'Bindura muno ndikudziseka ndekha miyendo, pamene mankhwala ake ali m'kabati mwanga momwe, ndikudulira buledi wanu m'mawa uliwonse."

Janet anagwira mahandulo, misozi ili lengelenge, koma sanatsike.

"Iwe mwana, ati zigongono zitani?"

"Zipinde, amai. Mawondo pa thanki. Mapewa pasi."

Mapewa a Janet anali m'makutu. Obadiya, mwa chizolowezi cha masabata atatu aja, anatambasula dzanja, zala ziwiri zili kale chire, kuti awatsitse. Janet sanamuyang'ane n'komwe.

"Chotsani dzanja lanulo. Andionetsa mwanayu. Inu mwachedwa ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi."