Mabokosi a Malemu Saidi

Ku Kachulu anthu ankati banja la Che Saidi limagona pa chuma. Kagolosale kawo ka chipinda chimodzi ankakatchula ngati sitolo ya Mmwenye ku Zomba. Koma anthu inu! Kodi mashelefu akadzaza ndiye kuti m'mimba namonso mwadzaza?

Saidi anamwalira chaka chimene nyanja ya Chilwa inaphwa, matemba atatha, asodzi atabalalika. Mkazi wake, Falida, anatsala ndi ana atatu ndi kagolosale komweko. Kakachoka ako, anawo adya chiyani? Funso limeneli ankagona nalo, nadzuka nalo.

Itangotha sadaka ya masiku makumi anayi, mkulu wake wa malemu, Che Yusufu, anatulukira kuchokera ku Songani ndi ngolo yobwereka ndi amuna awiri.

"Alamu, tabwera kudzatenga za m'bale wathu," anatero maso ali m'mwamba, pomwe mabokosi a tiyi, sopo ndi machesi anasanjikizana mpaka kudenga.

Falida analibe mphamvu zokangana. Anakwera pampando, natsitsa bokosi limodzi, nawapatsa m'manja. Munalibe kanthu. Lachiwiri chimodzimodzi, lachitatunso.

"Ndi mmene tinkachitira, alamu. Shelefu ikaoneka mbee, wogula amabwerera pakhomo. Malemuwa ankatola mabokosiwa kuseri kwa masitolo ku Zomba. Katundu weniweni ndi uyu." Falida analoza mzere wam'munsi: mitanda inayi ya sopo, theka la thumba la mchere, ndi mbedza zomwe panalibenso wozifuna.

Che Yusufu anapukusa mutu. "Mayi inu, musatione ngati ana. Ndani sadziwa kuti Saidi anali mpondamatiki? Mwasamutsa zonse, mwakabisa kwa abale anu."

Apa Falida anamva kutopa kofika m'mafupa. Zaka khumi ndi ziwiri iye ndi mwamuna wake ananamiza maso a anthu kuti ana adye, ndipo anthuwo anakhulupirira mopitirira muyeso. Lero wanena zoona, ndiye wasanduka wakuba.

"Poti zam'kati mwabisa, ife titenga zapamwamba," anatero Che Yusufu.

Amuna aja anakwera padenga. Misomali inalira, malata anatsika limodzilimodzi nalowa m'ngolo. Anansi anaima poteropo manja ali kumbuyo. Mayi wina yekha ndiye anati, "Asiyeni atenge. Amene uja mawa lomweli agula ena."

Ngolo itapita, Falida anakhala pansi pakati pa zipupa zinayi, kumwamba kuli pululu. Cha ku chilumba cha Chisi mitambo inali itayamba kuda, kamphepo kakununkhira dothi lonyowa. Panja ana a eni anayamba kulumphalumpha, amayi akululutira, poti gombe lonse linali litalirira mvula chaka chathunthu. Falida anakokera thumba la mchere pamiyendo, nalifunditsa chitenje chake, napempha Mulungu chamumtima kuti mvulayo ibadikira kaye.