Khoma Limene Ndinatsuka

Mvula inali itagwa masiku asanu ndi anayi osalekeza mumzinda wa Leeuwarden, ndipo Lachinayi limenelo inkangowaza.

Ndinali nditadikira tsikuli miyezi khumi ndi inayi. Ndinalembera ofesi yoona za nyumba za lendi kuti khoma la kuchipinda kwanga limalowa madzi, lachita chuku chakuda, ndipo eni nyumba, a Terpstra, akukana kulikonza. Mkazi wanga Sjoukje anamwalirira m'chipinda chomwecho akutsokomola. Adokotala anati nanenso mapapo anga sangapirire nyengo ina yozizira mmenemo.

Kalata inabwera: woyendera nyumba afika Lachinayi m'mawa.

Lachitatu ndinaima n'kuliyang'ana khomalo. Pa zaka makumi anayi, Sjoukje sanalolepo mlendo kuona litsiro m'nyumba mwathu, ngakhale wodzawerenga mita ya magetsi. Sindinaganize zambiri. Ndinatenga ndowa, sopo ndi viniga. Ndinakwecha mpaka manja anachita dzanzi, kenako ndinayatsa chotenthetsera m'chipinda kuti paume.

Woyenderayo anali mayi wamng'ono thupi, a Dijkhuis, atanyamula kamera. A Terpstra anafika nawo limodzi, poti lamulo limawalola.

Ndinawapatsa khofi ndi bisiketi imodziimodzi. Kenako tinalowa kuchipinda.

A Terpstra anayang'ana khoma, anayang'ana ine, n'kuseka. "A Hoekstra, mdala wanga, mwandiitanira boma kuti lidzaone ukhondo? Bwerani mudzatsukenso kwathu, ndikulipirani."



"Bambo, chukucho chili kuti?" anafunsa a Dijkhuis.

"Ndatsuka."

"Liti?"

"Dzulo."

"Chifukwa?"

"Mumabwera inu."

Anatseka maso pang'ono. "Munajambulako chithunzi musanatsuke?"

"Ayi."

Anakhudzitsa kachipangizo koyezera chinyezi pakhomapo. Chotenthetsera chinali chitagwira ntchito yake bwino. Nambala inatuluka yochepa.

"Mwaonatu, mayi," anatero a Terpstra. "Nkhalambazi sizitsekula mawindo, basi. Zikasungulumwa zimalemba makalata."

"Inu dikirani panja," anatero mayiwo. Eni nyumba anatuluka akuimba kamluzu.

Atatsala ndi ine, mayiwo anatsitsa mawu. "Fungo ndikulimva, bambo. Ndikudziwa kuti simukunama. Koma fungo sililembedwa pafomu. Ndimalemba zimene ndaona lero, ndipo popanda zimenezo sindingawakakamize kukonza."

"Ndiye?"

"Nkhaniyi itsekedwa. Chikabwerera mulembenso. Ndipo chonde musadzachikhudze."

"Kudikira kwake?"

"Chaka. Mwina kupitirira. Tilipo atatu okha chigawo chonse chino."

Anamaliza khofi wawo ataimirira, nati ndi wokoma. Pakhomo anandigwira dzanja nthawi yaitali kuposa mmene zimakhalira.

Pa zenera ndinaona a Terpstra akuwagwirira mayiwo ambulera mpaka pagalimoto. Mwezi unali wa Okutobala, nyengo yozizira ili pafupi. Chifuwa chinali chitayamba kale kulira ndikamapuma.

Ndinatsuka makapu atatu aja. Kenako ndinazimitsa chotenthetsera cha kuchipinda kuti khoma lidenso, ndi kukokera bedi langa kukhitchini.