Kukhuza Maliro ku Edgbaston

Inali teni koloko m'mawa, kamvula kowaza kakugwa, pamene Kingston anatsika basi ku Edgbaston, kudziko la azungu kumene ankagwira ntchito. Anadzera njira ya m'mbali mwa damu lalikulu, kumene nyumba za anthu olemera zinandanda moyang'ana madzi. Miyendo inkamulemera, popeza sabata yonse anali asanapumeko.

Nyumba ya a Osborne ankaidziwa bwino. Anakhalamo miyezi isanu ndi itatu, m'kachipinda ka pafupi ndi khitchini, akuwasambitsa, kuwameta ndevu, n'kumawakankha panjinga yawo ya olumala kukaona abakha. Lachiwiri mkuluyo anamwalira. Lachitatu ejensi imene inamulemba ntchito yosamalira okalambayi inamusamutsira ku West Bromwich osapepesa n'komwe anamfedwa.

Martha, mayi wa ku Dedza wogawa mashifiti ku ofesi ya ejensiyo, anali atamuchenjeza.

"Achimwene, musapiteko. Lamulo mukulidziwa, nyumba mukachokamo simubwereranso. Manejala akamva akuchotsani ntchito, ndipo viza yanu ipitira pomwepo."

"Achemwali, munthu ndamusambitsa ndi manja angawa. Ndikhale ngati wafa ndi mphaka?"

Pageti panalibe magalimoto, panalibe nyimbo. Anagogoda. Anatsegula ndi James, mwana yekhayo wa malemuwo, bambo wa imvi kale, atavala juzi ya bambo ake.

"Kingston! Munaiwala kanthu?"

"Ayi bwana. Ndabwera pamaliro."

"Maliro ndi sabata ya mkuja, kutchalitchi. Tidzatumiza makadi."

"Ndingokhalako pang'ono."

James anatsegula chitseko chonse kuti alowe, koma Kingston sanalowe. Kwawo ku Ntchisi m'nyumba ya maliro mumakhala amayi. Anavula chipewa n'kukhala pabenchi ya pakhonde, manja ali pamaondo.

Linatha ola. Mvula inkawomba pakhondepo n'kumunyowetsa nsapato. Mayi wina woyendetsa galu anadutsa kawiri, ulendo wachiwiri akuyenda pang'onopang'ono. Kenako Kingston anaona pawindo James ali pafoni, maso ali pa iye. Anakumbukira chenjezo la Martha. Anaganiza zonyamuka mwakachetechete, koma sanafune kuchoka pamaliro ngati wakuba. Anangokhala.

James anatuluka ndi makapu awiri a tiyi.

"Ndaimbira ku ofesi kwanu. Ndimafuna kudziwa ngati akutumani."

Kingston analandira kapu ndi manja awiri. Sanamwe.

"Mayi amene anayankha akuti mwadzatenga faelo ya mankhwala a bambo. Koma inu za faelo simunatchule."

"Sindinatchule."

"Nanga mukuchita chiyani pamvula pano?"

"Kwathu nyumba ya maliro sitiisiya yokha. Amuna timakhala panja."

"Mumalankhula zotani?"

"Palibe. Timangokhala."

James anayang'ana benchi yonyowayo, anaipukuta ndi dzanja, nakhala. Pamadzi mnyamata wina ankapalasa kabwato kake yekhayekha.

"Chimwalirireni bambo, mwabwera ndi inu nokha," anatero James. "Ena onse angotumiza maluwa. Mabotolo oikamo andithera."

Anamwa tiyi wawo ali pabenchipo. Tiyi atatha, James analowa n'kubwera ndi faelo ija, yabuluu, ataikulunga mujumbo kuti isanyowe.

"Tengani, mayi aja asakaoneke abodza. Akandifunsa ndinena kuti munakhala mphindi zisanu."

Kingston asanafike pasiteji, foni inalira. Anali Martha.

"Mwandinamitsa, ine mayi wa Mvano! Manejala anali chiimire pambali panga. Foni ija akanayankha iyeyo bwenzi pano mukulongedza zikwama."

"Pepani achemwali."

"Pepaniyo mukamuuze Mulungu. Faelo ifike kuno mawa. Ndipo Loweruka ndi Lamlungu mukugwira, ndisamve kuti msana."

"Ndamva."

Kenako Martha anafunsa motsitsa mawu.

"Munalipo angati pamaliropo?"

"Awiri. Ine ndi mwana wawo."

"Hm. Thamangani, shifiti yanu ya thu koloko yayandikira."

Anakwera basi mpaka m'tauni, kenako tiramu, kasitima koyenda mumsewu. Anasinza njira yonse faelo ili pachifuwa. Ku West Bromwich anatsegula chitseko cha nyumba ina yaing'ono yoyang'ana fakitale, anasamba m'manja, navala magolovesi.

"Ndinu ndani?" anafunsa agogo amene ankawasamalira tsopano, monga anafunsira dzulo ndi dzana.

"Ndine Kingston, mayi. Tiyeni tiyambe ndi mapilitsi."