Ulusi Wachikasu

Kodi mwamuna amene pa zaka makumi anayi sanagulirepo mkazi wake ngakhale mpango angakasoketsere ndani malaya achikazi mwamseri? Funsoli linamupeza Amparo ali chiimire m'chipinda cha makolo ake, chipewa cha malemu bambo ake chili m'manja. Linali tsiku lachisanu ndi chiwiri chiikireni maliro. Amayi ake anamutuma kuti alongedze zovala za malemuwo, ndipo pamene ankakuntha chipewacho, kapepala kopindapinda kanagwa kuchokera m'kati mwake.

Kanali kalisiti ka ku sitolo ina yopeta zovala ku Xalapa. Panalembedwa kuti bambo Eusebio Landa, eni bekale ya La Calandria ku Coatepec, aitanitsa malaya oyera asanu ndi amodzi okhala ndi chizindikiro cha bekale pachifuwa, ndipo alipira zonse. Asanu achimuna, amodzi achikazi. Mayina sanalembedwepo.

Amparo anawerenga ndi zala. Antchito a pabekale anali asanu, onse amuna, kuyambira a Nicanor okalamba aja mpaka woyendetsa njinga yoperekera buledi. Chaka chilichonse bambo ake ankasoketsa malaya asanu ndi amodzi: pa thumba pankapetedwa kambalame katatera pa ngala ya tirigu, ndipo pansi pake dzina la mwini malaya. Mayina a antchito ankapetedwa ndi ulusi wabuluu, koma la bambo ake lokha ndi ulusi wachikasu, kuti wogula aliyense adziwe wokamudandaulira buledi akapserera. Chaka chino bamboyo sanadziitanitsire malaya. Ndipo tsiku lolembedwa pa lisitilo linali lomwe lija anapita kwa dokotala wa mtima, atakana kwamtuwagalu kuti wina awaperekeze.

Anakawapeza achimwene ake, a Rogelio, kuseri kwa nyumba akuyeza mpanda ndi mapazi. Iwo anawerenga kapepalako kawiri, nakanda m'mutu.

"Bambo athu omwe aja? Munthu wosatha n'kunena komwe kuti zikomo pa chakudya?"

"Ndiye malayawa ndi a ndani, achimwene?"

"Bisa. Amayi asakaone. Atsala masiku awiri okha, tichoke kuno mtima wawo uli m'malo."

A Rogelio anabwera kuchokera ku Monterrey atakonza kale zonse. Kunyumba kwawo kunali chipinda chodikira amayi, ndipo munthu wofuna kugula bekale kuti aisandutse malo omwera khofi alendo ananena kuti abwera mapemphero a masiku asanu ndi anayi akangotha. Sikuti anali ndi mtima woipa. Ankangoopa kusiya amayi awo okha ndi uvuni wa nkhuni komanso amuna asanu ofuna malipiro Loweruka lililonse. Amparo sankafuna kuti bekale igulitsidwe, koma iye anali mphunzitsi, ndipo ufa ankaudziwa ukakhala kale buledi.

Amayi awo, a Casilda, eni akewo sanatsutse chilichonse. Atafunsidwa anangoti bekale inali ya amuna awo, iwo ankangothandiza. Amparo anawawidwa mtima ndi mawuwo. Chikulireni iye, tambala asanalire kachiwiri amayi ake ankalowera khomo lakumbuyo la bekale, n'kupisa mkono mu uvuni, n'kuwerenga chamumtima poyesa kutentha kwake. A Nicanor sankalowetsa thireyi ngakhale imodzi mayiwo asanagwedeze mutu. Koma yunifolomu sanavalepo. Kalekale, ali mtsikana, anapemphapo kamodzi, ndipo a Eusebio anayankha kuti malayawo ndi a antchito, mkazi wawo si wantchito. A Eusebio ankayesa kuti awalemekeza. A Casilda anamva kuti auzidwa malire awo, ndipo sanapemphenso.

Madzulo anthu anadzaza pabalaza kudzapemphera korona. Pansi, pamalo pamene panali bokosi, panali mtanda wojambulidwa ndi laimu, makandulo anayi ali m'mbali. Amparo ankayendetsa khofi ndi buledi wotsekemera, koma maso ake sankapemphera. Ankayeza mapewa a mayi aliyense. Mayi Fulgencia, ogulitsa maluwa, ankalira mopitirira muyeso. Namfedwa wina wa kuseri kwa tchalitchi anatenga buledi kawiri. Mayi Ofelia, oyandikana nawo nyumba, anakhala pafupi ndi khomo ngati mlendo, koma chifukwa chawo chinkadziwika ndi msewu wonse: miyezi iwiri yapitayo bulauzi yobiriwira ya a Casilda inasowa pachingwe, ndipo a Casilda analankhula mokweza, atayang'ana kumpanda, kuti mphepo ya masiku ano ili ndi manja. Kuyambira pamenepo awiriwo ankangopatsana moni wa pamphuno.

Kutacha, Amparo anapeza amayi ake atakhala kukhitchini, atavala kale diresi lakuda ndi nsapato za kutchalitchi, chikwama chili pamiyendo. Lisiti lija linali patebulo, atalitsamiritsa ndi kapu.

"Unabisa m'chitini cha sinamoni, mwana wanga? M'nyumba muno chimene sindidziwa kumene chili ndi bulauzi yanga yokha. Kadzutse mchimwene wako, atulutse galimoto."

A Rogelio anayesa kuwanyengerera kuti akhoza kungoimba foni kusitoloko, kapena kungozisiya, popeza wakufa sayankha mlandu. Mayiwo anati iwo sakufuna kumva ndi khutu, akufuna kuona dzinalo ndi maso awo.

Njira yonse ya ku Xalapa, pakati pa minda ya khofi yonyowa ndi nkhungu, a Casilda ankatchula mayina. Anayamba ndi a Fulgencia, nakumbukira kuti a Eusebio ankawawonjezera buledi mmodzi Lachisanu lililonse. Kenaka anawachotsa okha pamndandanda, ati mwamuna wawo ankayetsemula akayandikira maluwa. Anatchula mlongo wake wa wansembe, nadziseka. Amparo ankasekanso, koma ankaona momwe zala za amayi ake zinkatsegulira ndi kutseka chikwama.

Atayandikira mzinda, mayiwo anasiya nthabwala.

"Rogelio, ngati pali dzina la mkazi wina, ubweretse mapepala ako mawa, ndisayina. Ndipo ngakhale palibe, mwina ndisayinabe. Bambo ako akanafuna kuti ndikhale pabekale paja akananena. Anali ndi zaka makumi anayi zonenera."

Sitoloyo inali m'kamsewu kotsetsereka, pakati pa wometa tsitsi ndi wogulitsa nsapato. M'kati makina anayi ankagogoda okha, akupeta zipewa za kampani ina ya mabasi. Mwini wake, mayi Herlinda, wamfupi wovala magalasi awiri, ena pamphuno ena pamutu, analandira lisiti namwetulira. Anati malayawo akhala okonzeka kwa sabata zitatu, ndipo amadabwa kuti mdala wa mbalame uja wazengereza bwanji chaka chino. Atayang'ana bwino zovala zakuda zija, kumwetulira kunatha. Anazimitsa makina onse, nachita chizindikiro cha mtanda, nakokera a Casilda mpando.

Anafotokoza kuti kwa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri a Eusebio ankabwera ndi malaya akale m'manja kuti mlomo wa kambalame usasinthe ngakhale pang'ono, ndipo chaka chilichonse ankadandaula kuti mbalameyo yanenepa. Ulendo womalizawu anafika akupuma movutikira, nakhala pampando womwewo. Atafunsidwa ngati awo akhale aakulu monga mwa masiku onse, anapukusa mutu, nati awo achaka chatha akadali abwino, awakwanira.

A Rogelio anayang'ana kudenga. Amparo anagwira phewa la amayi ake.

"Nanga achikaziwo?" anafunsa a Casilda, mawu ali owuma.

"Amenewo ndiye tinavutana nawo, mayi. Ndinawafunsa kuti mwini wake ndi wamkulu bwanji. Anayamba kundisonyeza ndi manja, uku akuchita manyazi ngati mnyamata wofunsira. Ndinati bambo, ine sindisoka mphepo, mundibweretsere chovala chake. Mawa lake anabweranso ndi basi yoyamba."

Mayi Herlinda analowa kuchipinda chakumbuyo. Anabwera ndi mtolo womangidwa ndi pepala lofiirira, ndipo pamwamba pake panali kajumbo ka pepala ka La Calandria, kamene amaikamo buledi. Anapereka kajumboko poyamba.

"Anati ichi anachita kuba pachingwe, ndipo akakachibweza mochedwa aphedwa."

A Casilda anapisa dzanja. Inatuluka bulauzi yobiriwira, yopindidwa mokhotakhota monga apindira mwamuna, ili ndi ufa pang'ono pakolala.

A Casilda anaitambasula pamiyendo. Kenaka mapewa a mayiwo anayamba kugwedezeka, ndipo Amparo sanadziwe ngati akulira kapena akuseka mpaka atamva mawu.

"Mbala iwe, Eusebio. Miyezi iwiri ndikutukwana Ofelia, iwe uli phee, ukumwa khofi wako. Unandithandiza n'kufunafuna komwe pansi pa bedi."

Anapukuta m'maso ndi bulauziyo. Mayi Herlinda anawonjezera motsitsa mawu kuti anawafunsa bambowo ngati sakanangomuuza mwini wakeyo, m'malo mozembazemba. Iwo anayankha kuti pakamwa pawo sipatha zinthu zotere, ulusi ukanena bwino.

A Rogelio ndiwo anamasula mtolo. Anachotsa malaya a a Nicanor, kenaka ena anayi, onse a mayina abuluu, nawasanja patebulo. Atafika pa omaliza anaima. Anawayang'ana nthawi yaitali, natulutsa foni m'thumba, naibwezeranso.

"Amayi, munthu wa khofi uja ndimuuze chiyani?"

"Umuuze kuti akafuna buledi timatsegula sikisi koloko. Ndipo pobwerera tiime pamsika, ndigule yisiti. Mawa, pa mapemphero otsiriza, tikamachotsa mtanda wa laimu wa bambo ako, anthu adzachuluka, komanso ndili ndi thireyi yathunthu yokapepesera Ofelia."

Anaimirira, navula juzi yakuda, nauza Amparo kuti awagwirire chikwama. Mayi Herlinda anatambasula malayawo kumbuyo kwawo, ndipo mikono inalowa bwinobwino, mapewa anakhala m'malo mwake. A Casilda anamanga mabatani mmodzimmodzi, nawerama kuti aone pachifuwa, nasisita kambalame kaja ndi chala chachikulu.

"Yanenepadi mbalameyi," anatero.

Pansi pa ngala ya tirigu panali dzina la mwini bekale, lopetedwa ndi ulusi wachikasu: Casilda.